Magolovesi Onyowa

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga msana wa amayi uja unaleka? Munandiuza kuti akukana kupita kuchipatala, ati madokotala amangowafinya. Akokeni basi, musawamvere. Kuno ndili bwino m'thupi, koma mumtima ayi, n'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba m'malo moimba foni. Pafoni inu mumandidula mawu.

Ndinasamuka m'chipinda chodontha chija. Pano ndili pansanjika yachitatu, zenera langa layang'ana pokwerera basi. Phokoso lake losasimbika, koma kuntchito ndimangoyenda wapansi.

Mumati za kuntchito kwanga simuzimva, ndiye lero ndifotokoza pang'onopang'ono. Pali kachipangizo kothandiza mtima wofooka kugunda bwino, kakang'ono ngati kapisozi wa mankhwala. Dokotala amakalowetsa pa mtsempha wa pantchafu, n'kukakankha ndi kapaipi kowonda mpaka kakafike mkati mwa mtima. Kakafika amakakoloweka, n'kukoka pang'ono kuti aone ngati kagwira, kenako ndiye amakamasula. Akakamasula kasanagwire, magazi amakatenga kupita nako kumapapo, ndipo munthu akhoza kutsikira kuli chete patebulo pomwepo. Ife timapanga chogwirira chimene dokotala amayendetsera zonsezi.

Chaka chino abwana anati anthu awiri tipange chogwirira chatsopano, aliyense chake, iwo asankhepo chimodzi. Mmodzi ndine, wa zaka khumi ndi chimodzi pakampani pano. Winayo ndi mayi wina wobwera dzanadzanali, timamutcha Kamphepo chifukwa sayenda, amachita kuuluzika. Ndipo musayambe zanu zija zoti ndikatchula mkazi ndiye kuti ndamufuna. Ameneyu ndikamuona chakudya chimandiima pakhosi.

Changa chinali ndi loko wofuna zala ziwiri kuti atseguke. Chonenepa, inde, chosaoneka bwino, koma chokhulupirika. Chake ndi kagudumu kamodzi kopukusa ndi chala chachikulu: kakalira koyamba ukoke uyese, kakalira kachiwiri kachipangizo kamamasuka. Abwana anachigwira n'kumwetulira ngati awapatsa mwana wakhanda. Changa anachitembenuza kawiri n'kunena kuti chikulemera ngati sipanala. Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, koma mano okha.

Nsanje, achemwali! Munthu ndinamusonyeza ndine ngakhale pobisa kiyi wa kabati, lero ampatsa tebulo la pazenera, ndipo alendo akabwera amawatengera kwa iye. Ine amandidutsa ngati mpando.

Tsiku lina masana, anthu atapita kukadya, ndinatenga chogwirira chakecho n'kulowa nacho m'chipinda choyesera, mmene muli mtima wa labala m'thanki ya madzi ofunda. Ndisaname, sindinapite kukamuthandiza, ndinapita kukasaka chilema. Ndinavala magolovesi awiri ophatikiza n'kuwanyowetsa, chifukwa ndinaonapo pa opaleshoni kuti manja a dokotala sakhala ouma. Ife a muofesi timayesa zinthu ndi manja ouma, tiyi ali pambali. Chala chinaterera, ndinakanikiza mwamphamvu, kagudumu kanalumpha kulira konse kuwiri nthawi imodzi. Kachipangizo kaja kanapulumuka n'kumazungulira m'thanki. Ndinayesa kakhumi, katatu kanathawa.

Mukudziwa chimene mlongo wanu anachita? Ndinapukuta chogwiriracho, ndinachibwezera pamalo pake, n'kupita kukadya, ndipo chakudya cha tsiku limenelo chinandikomera kwabasi. Ndinati ndidikire tsiku lodzabwera madokotala kudzayesa, chidzamuchititse manyazi pamaso pa abwana, ndiye adzaikumbuke sipanala yanga. Masabata atatu ndinakhala nazo m'mimba.

Madokotala anabweradi Lachiwiri lapitali. Anavala magolovesi atsopano, amodziamodzi, ouma. Anayesa maulendo makumi awiri osaphonya ngakhale kamodzi. Anawomba m'manja, abwana n'kusaina kuti chipite kokayesedwa pa nkhosa, kenako pa anthu. Msampha wanga unali utamuphonya Kamphepo, tsopano unkadikira kholo la mwini, munthu wosadziwa ngakhale kuti ine ndilipo.

M'mawa mwake ndinamuitana Kamphepo, ndinamuveka magolovesi onyowa n'kumuuza kuti ayese. Ulendo wachinayi kachipangizo kanathawa. Anakhala pampando. Kenako anandiuza kuti anandiona pagalasi la chipinda choyesera masana aja ndili ndi chogwirira chake m'manja. Anati iyenso ankafuna kuchiyesa ndi manja onyowa sabata yomweyo, koma ataona kuti ndatuluka osanena kanthu anasiya. Ati pakampani pano palibe wa maso akuthwa ngati ine, ndipo ine ndikakhala chete ndiye kuti chinthu chili bwino. Atatero anandifunsa ngati tsiku limenelo sichinaterere. Ndinamuyang'ana m'maso n'kumuuza kuti sichinaterere.

Anandithokoza ndi manja awiri. Anapita yekha kwa abwana kukanena kuti chogwirira chake chili ndi vuto, ndi kuti amene wapulumutsa anthu ndine. Tsopano akuika loko wanga pa kagudumu kake, dzina langa lilembedwa pambali pa lake, ndipo abwana anandigwira paphewa pamaso pa onse. Chimene ndinkalirira ndachipeza, koma sichikutsika kukhosi. Choipitsitsa n'chakuti nsanje ija sinathe, yangosamuka. Ine sindikanatha kulowa muofesi ya abwana kukadzinenera ndekha chotero, koma iye analowa ngati akukatenga pepala. Mtima umenewo anautenga kuti, ine bwanji ndilibe?

Pempho langa ndi limodzi. Mundiyankhe msanga: ndimuuze zoona, kapena ndife nazo? Ndikamuuza ntchito ikhoza kunditha, chifukwa kubisa vuto pa chinthu cholowa mumtima wa munthu si nkhani yamasewera. Ndikapanda kumuuza, mawa adzandionanso ndili chete n'kugona tulo. Dzulo lomweli wandibweretsera chojambula cha chogwirira chatsopano, ati ndichione ndine poyamba, palibenso wina amene amamukhulupirira. Inu simunandinyengererepo chibadwire, musayambe lero.

Amayi musawawerengere kalatayi, mungowauza kuti ndikudya bwino. Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa adzukulu anga onse, makamaka wamng'onoyo amene akuti wayamba kuyenda.

Tsalani bwino, ndikudikira yankho lanu.

Ine mlongo wanu,
mzime wa amayi