Ku Ligowe Sikunagwe Matalala

Blantyre,
Febuluwale 1987.

Okondedwa Mayi,

Choyamba ndi kufuna kumva za moyo wanu pamodzi ndi onse a pakhomo. Kunena za ine, ndili bwino mwa chifundo cha Ambuye, kupatula chimfine ndi nsapato za Boma zomwe zikundiluma.

Malinga ndi uthenga umene mlongo wanga Loveness anafika nawo kuno, ndamva kuti chimanga cha m'munda mwanga, umene ndinasiya m'manja mwa mng'ono wanga Lameki, chatha ndi matalala amene anagwa Lachisanu. Akuti inunso matalalawo anakugendani pamutu mukuthamangira mbuzi. Ndili ndi chisoni kukudziwitsani kuti nkhaniyi yafufuzidwa ndipo yapezeka yabodza.

Ku ofesi ya zanyengo kumene ndili mesenjala, azungu anabwera ndi makina oyeserera otchedwa rada. Makinawa amaponya mphamvu ziwiri m'mitambo, ina chogona, ina choimirira, ndipo zimabwerera. Dontho la mvula limagwa lili lophwatalala ngati chitumbuwa, choncho yogona ija imabwerera yambiri. Koma talala limagwa likugubuduzika, ndiye ziwirizi zimabwerera zofanana. Izi ndimaziona ndi maso anga pamene ndikupereka tiyi.

Ndinapempha a Gerishon, amene amawerenga makinawa, kuti andionere za Lachisanu limene mukunenalo. Iwo anati pamwamba pa mudzi wathu wa Ligowe panaoneka mvula yamphamvu basi. Anaonjezera kuti mapiri a ku Neno amatchinga, kotero makina amaona kumwamba kokha, ndiponso kuti matalala amene akusungunuka nthawi zina amaoneka ngati mvula. Anati ndikhulupirire amene anali pansi. Koma uku ndi kudzichepetsa kwa anthu ophunzira. Makina amene anabwera pa ndege sangagonje kwa Lameki, munthu amene analephera Sitandade 2 ine nditafika 4.

Za chotupa cha pamutu panu, Mayi, mukumbukire kuti khomo la khitchini ndi lalifupi ndipo maso anu anakalamba. Sindikuti mwanama. Ndikuti mwaphunzitsidwa zonena.

Chifukwa cha ichi, pempho langa ndi limodzi. Muwauze amalume kuti amulande Lameki munda wanga pamodzi ndi dimba la kumtsinje, ndipo Lamekiyo atuluke m'nyumba yanga ya malata mwezi uno usanathe. Loveness analira kuti mkazi wa Lameki ali ndi khanda ndiponso nkhokwe yawo ndi yopanda kanthu. Ndinamuyankha kuti kwawo kwa mkaziyo ku Nsambe kulinso madenga. Anafuna kundionetsa masamba a chimanga ong'ambika amene anamanga pa mpango, koma ndinamuuza kuti mu ofesi simulowa zinyalala.

Lameki akachita makani, mumuuze kuti ndidzalembera atcheyamani a chipani kuti iye akutsutsa makina a Boma. Kumene amapita anthu otsutsa Boma akukudziwa. Sindifuna kufika pamenepo, pakuti tinayamwa bere limodzi, koma pepala ndi sitampa ndili nazo kale.

Mundiperekere moni kwa amalume, kwa azakhali a ku Luwani, ndi kwa akulu a mpingo. Kwa Lameki musapereke moni, mungomuwerengera kalatayi pamaso pa anthu. Inu pamutupo muzithowa ndi madzi ofunda.

Ndine mwana wanu womvera,

Ezekiele Mpulula,
Mesenjala Wachiwiri.