Tiyi wa ba Tcheyamani

Lachinayi, Matero. Mtima suli m'malo.

Anansi anadzazanso m'nyumba kudzaonera pa TV yathu sewero lija la mfumu yakale ya ku Mangalande. Ba Tcheyamani a chipani tinawapatsa mpando wabwino, monga mwa masiku onse. Mfumu italamula kuti nduna yake yapamtima idulidwe mutu, amuna anga anaseka nati, "Ni monga kuno che. Mailo udya na bakulu, lelo umvela pa wailesi ati bakuchosa."

Palibe wina anaseka. Ine ndinangoyang'ana pansi.

Ba Tcheyamani anasiya tiyi osamaliza. Ali pakhomo anatembenuka nafunsa, "Ba Phiri, musebenza kuti kansi?"

Amadziwa bwino. Ntchito ya ku khonsolo anawapezera amuna anga ndi iwo omwe.

Eni ake mawuwo agona kale, akuliza mkonono. Ine kaya mawa ndikapereke nkhuku yopepesera kwa ba Tcheyamani, kaya ndiye kuzikulitsa...