Amayi, Akufuna Kumulanda Mwana Aminah

MAYI MWANABIBI LAJABU
a ku Kawale, Lilongwe
1955 – 2003

Amayi, mwezi uno zakwana zaka zisanu chitisiyireni. Anthu adatiuza pamaliro paja kuti mtima umazolowera, koma wathuwu ukukanika. Ndalemba ndine Zulaikha, mwana wanu wachisamba, m'malo mwa Ababa, mlongo wanga Fahad ndi mzime wanu Aminah. Chithunzi chili pamwambachi ndi chija mudajambulitsa tsiku la Idi, mukufa nako kuseka chifukwa wojambula ankangokuuzani kuti muyang'ane kuno, ngati kuti munthu wosaona angadziwe komwe kuli kunoko.

Maso anu adazima mukadali mtsikana, ndipo tonse atatu mudatibereka ndi kutilera osationa. Komatu m'nyumba mwanu simunkabisika kanthu. Fahad, yemwe lero ndi bambo wandevu zake, sadaiwale momwe munkamugwirira akuba shuga, mutangomva kulira kwa chivundikiro cha chitini muli panja. Tikanama kuti tasamba, munkatigwira kuseri kwa khutu ndi kuchidendene, kenaka n'kutibweza kubafa. Tikukwawa munkatimangirira tizitsekerero ta mabotolo kumwendo kuti muzimva komwe talowera. Tsitsi munkaluka mizere yowongoka kuposa amayi openya, mpaka atsikana a mzere wathu wonse ankabwera kudzakhala pamiyendo panu. Ababa akadasokabe pakhonde lija pafupi ndi msika, koma amadandaula kuti chichokereni inu palibe amene amawapindira mipendero ya madiresi mofanana. Amatero akuseka, kenaka amayamba kufunafuna sizasi yomwe ili m'manja mwawo.

Chinsinsi chanu sichidali chozizwitsa ayi. Chilichonse m'nyumba chidali ndi malo ake, machesi pawindo, mpeni kuseri kwa ndowa, mbaula pakona yakumanzere kwa khomo, ndipo wosuntha chinthu ankayenera kunena. Lamulo limeneli lidathyoledwa kamodzi, Aminah ali wakhanda, ine ndili Sitandade 3. Azakhali athu awiri, alongo awo a Ababa, adabwera kuchokera ku Mangochi kudzaona mwana. Inu mutapita kusikelo, adakumverani chisoni n'kukonza m'nyumba monse. Adasesa, adakolopa, adasuntha zonse kuti pazioneka bwino, ndipo mbaula adaiika pakati pa khomo itatereka madzi oti mudzasambe. Sadali ndi mtima woipa. Inu mudalowa m'nyumba mwanu momwe munkalowera masiku onse, mwana ali kumsana, n'kupunthwa pa mbaula ija. Ndimakumbukirabe momwe mudadzipotolera kuti mugwe chafufumimba, madzi onse n'kuthera pamwendo panu, Aminah osamukhudza ngakhale dontho.

Bala lisadapole n'komwe, azakhaliwo adayamba kunena kuti tsiku lina mudzapha mwana, bola apite naye kumudzi. Simudakalipe. Mudawakumbutsa kuti m'nyumbamo simudapsepo mwana kapena wamkulu kufikira tsiku lomwe mudalowa anthu openya kudzathandiza. Kenaka, mukutsimphina, mudawagwira dzanja n'kuwayendetsa nyumba yonse, kuwaonetsa malo a chinthu chilichonse ngati ana oyamba sukulu. Adakwera basi ya ku Mangochi opanda mwana. Chipsera chija mudapita nacho kumanda.

Munkati thandizo mumalifuna ndithu, koma lofunsa kaye. N'chifukwa chake munkakondana kwambiri ndi Mayi Vaileti, aneba athu a ku Thyolo aja. Iwo akafika ankayamba atchula dzina lawo pakhomo, ndipo akabwereka sefa ankaibwezera pamsomali pomwe adaichotsa. Mankhwala akuchipatala ankakuwerengerani kamodzi, inu n'kumanga mfundo paulusi wa pabotolo kuti mudziwe kamwedwe kake. Anamwino akayamba kufunsa iwo za mwana wanu, ankawalozera kwa inu n'kunena kuti mayi wake ndi awa, makutu ali nawo. Pano akukhala kwa mwana wawo ku Area 25, miyendo ikuwavuta. Tikapita kukawaona sitimaliza tiyi asadagwetse misozi.

Amayi, chaka chino sitikulira imfa yanu yokha. Patatha zaka ziwiri mutapita, maso a Aminah adayamba kuchita chifunga. Tidayenda naye m'zipatala, madokotala n'kutiuza kuti ndi zakumtundu, zomwe zija zidakugwirani inu. Lero saona. Adakwatiwa ku Chinsapo, ndipo ali ndi mwana wamwamuna, dzina lake Ayman, yemwe wayamba kumene kukwawa. Apongozi ake abwera kudzakhala nawo, akuti kudzathandiza. M'mawa uliwonse zinthu zimadzuka zili pamalo atsopano. Aminah akupunthwa pa ndowa m'nyumba mwake momwe, ndipo akapunthwa apongoziwo amaitana aneba kuti adzaone. Mwana akalira amamusomphola kumsana kwa mayi ake osanena kanthu. Tsopano anena poyera kuti Ayman akangosiya kuyamwa apita naye kwawo. Bambo a mwanayo ndi munthu wabwino, koma pamaso pa mayi awo amasanduka bubu.

Apa m'pamene tikukusowani koopsa. Aminah adakula akupenya, ndiye sadaphunzire njira zanu, ndipo ifenso tinkangoziona ngati mmene nyumba iliyonse imayendera. Pano tikutolera zomwe aliyense akukumbukira. Fahad wakumbukira mmene munkayezera madzi osambitsa mwana ndi chigongono. Ababa akumbukira kuti phala munkadyetsa chala chimodzi chili pachibwano cha mwana. Ine ndamumangira Ayman tizitsekerero kumwendo, apongozi aja n'kutidula, akuti n'zithumwa. Koma zambiri zidapita nanu. Munkadziwa bwanji kuti mwana watsegula m'mimba asadayambe kufooka? Munkatani mantha akakugwirani, poti sitidakuonenipo mukuopa? Aminah amatifunsa zimenezi. Mukadakhalapo mukadamuphunzitsa zonse mwezi umodzi, uku mukumuseka kuti ndi waulesi.

Lamulungu likubwerali ankhoswe a mbali zonse akumana ku Chinsapo kuti akambe za mwanayu. Ababa akuti makina atseka, apita. Mayi Vaileti akuti ngakhale pa njinga yakabaza afika. Aminah watipempha chinthu chimodzi, kuti tikakhale pambali pake koma tisakamuyankhulire. Sitikubisirani, Amayi, tili ndi mantha, chifukwa iye ndi wofatsa, alibe pakamwa ngati panu.

Dzana adabwera kwathu ku Biwi, yekha ndi ndodo yake, mwana ali kumsana, atakwera maminibasi awiri. Titakhala pakhonde adandifunsa zomwe sadafunsepo munthu chibadwire Ayman, kuti ndimuuze zoona, mwana wake amaoneka bwanji. Ndidamuuza kuti sadatengere bambo ake, sadatengerenso iye. Watengera inu, mphumi, mphuno, ngakhale kakamwa kopendekera kumodzi akamaseka. Adasisita nkhope ya mwanayo nthawi yaitali. Kenaka adati ndiye kuti akumudziwa, chifukwa nkhope zambiri zayamba kumuthawa m'mutu, koma yanu yokha akuionabe bwinobwino. Adamumanga kumsana, n'kulimbitsa chitenje, ndipo adati ankhoswe akambe zomwe angakambe, koma iye adakutayani inu kamodzi, sakutayaninso kachiwiri mwa mwanayu.

Allah akukhululukireni, akukulitsireni manda anu ndi kukupatsani malo abwino ku Jannah. Sadaka yanu tichita monga mwa chaka chilichonse.

Tikadali ndi mpweya, Amayi, dzina lanu silichoka pakamwa pathu.

Ndife amuna anu Che Lajabu, ana anu Zulaikha, Fahad ndi Aminah, ndi zidzukulu zanu zonse.