Injini Ili Lende pa Mtengo wa Mango

Amake Yunisi,

Musadzidzimuke mukabwerako kudimba. Chomwe chili lende pamtengo wa mangocho ndi injini yakufa ya minibasi yathu. Ine ndi a Simeoni amakaniko taikweza ndi tcheni m'mawa uno, galimoto n'kuikankhira kumbuyo. Ina yabwino yapezeka ku Golomoti, ndiye tathamangira komweko ena asanaitenge.

Pepani ndithu, ndinaiwaliratu kuti mphakati wa kutchalitchi ukumana kwathu lero. Mikeka muyale kukhonde, pansi pa mtengo pasakhale munthu, nthambi ija ikulira. Makamaka amayi anu, paja mthunzi umenewo salola kuusiya poti mtengowo anadzala okha. Ine mkamwini sindikanatha kuwauza pamaso, muwanyengerere ndinu. Injini zilipo ku Golomoti, koma apongozi sagulitsidwa.

Ndibwera dzuwa lisanalowe.

Bambo a Yunisi