Odi wa Bambo pa Nyumba ya M'kompyuta

Neno Boma
9 Juni 2025

Okondedwa achemwali a Margret,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko, ngakhale ndamva kuti chisanu chafika poipa. Kuno nakonso kwazizira, m'mawa nkhungu ikumatsika mpaka pabwalo la sukulu. Ine ndili bwino, mayi aang'ono a Stelia nawonso ali bwino kupatula bondo lawo lija. Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale pomwe foni ilipo. Ndimakudziwani inu. Nkhani ikangokhudza bambo mumati netiweki ikuvuta, kenako foni thii. Pepala ndiye silidula, choncho ndapatsira a Callista omwe akukwera basi yobwera kumeneko Lachinayi. Chonde muwerenge mpaka kumapeto.

Teremu ino kusukulu kwathu kunabwera makompyuta asanu ndi chinthu china chovala kumaso, chonga cha anthu owotcherera zitsulo. Ife timangoti magalasi. Ukavala, kalasi yonse imasowa, umapezeka uli kwina, ndipo ukatembenuka umaona zakumbuyo kwako ngati ulidi komweko. Tsiku loyamba ndinakuwa poganiza kuti ndikugwera m'madzi, anzanga anandiseka mlungu wathunthu. A Binwell, aphunzitsi athu a kompyuta, anatiuza ife a Fomu 3 kuti aliyense amange malo ake m'kompyutamo, oti munthu akavala magalasi aziyendamo. Pa 27 mwezi uno tidzaonetsa makolo.

Anzanga anamanga mabwalo a mpira, ena masitolo a m'tauni omwe sanawapondepo n'komwe. Ine ndinasankha nyumba yathu ya ku Dambe. Mukudziwa kale kuti inagwa ndi mvula ya chaka chatha, pangotsala mitengo ya manachesi ija ndi mulu wa njerwa zomwe amalume a Gerishon akutapako pang'onopang'ono. Ndinkaopa kuiiwala. Mayi ankamwalira ndili ndi zaka khumi, ndipo zina zayamba kale kundisokonekera m'mutu.

Kumanga m'kompyuta si masewera ayi. Umayamba ndi timabokosi, kutitalikitsa, kutifupikitsa, kenako kutipaka mtundu wa njerwa kapena wa malata. Ndinalimbana nazo milungu itatu, ndipo nditamaliza ndinkayenda modzimva, katswiri weniweni. A Binwell anavala magalasi, anazungulira nyumbayo kamodzi, n'kuvula. Anati ndi yokongola, koma chiimangireni simunagonemo munthu, zonse n'zowongoka ngati kuchipatala. Ndinakwiya, osanama, tsiku limenelo sindinawatsanzike n'komwe. Koma nditabwerera mawa lake ndinaona kuti ankanena zoona. Sinali nyumba yathu. Ngakhale masitepe a pakhonde sindinkadziwa kuti anali angati.

Apa ndiye pali nkhani imene ndakhala ndikukubisirani. Ndinapita ku Zalewa kukaonana ndi bambo, ndipo osati kamodzi, kawiri. Kalipani basi, mawu anu ndikuwamva kale kuchokera kumeneko. Koma amene anamanga nyumba ija ndi manja awo ndi iwowo, ine ndikanafunsa ndani?

Ndinawapeza akumanga sitolo ya munthu m'mbali mwa msewu. Akalamba, achemwali, kumutu kuli mbuu. Amakhala okha m'kachipinda ka lendi. Mkazi munamva kuti anakwatira uja kulibe, ndinayang'ana ndekha, mbale imodzi, kapu imodzi. Nditawafotokozera ntchito yanga sanafunse n'komwe kuti kompyuta imatani. Anatola kamtengo n'kuyamba kujambula pansi. Pabalaza, mapazi awo khumi ndi awiri. Masitepe atatu, lapakati losweka pakona pomwe inu munagwetserapo mtondo. Zenera la kuchipinda kwathu lopendekeka, chifukwa tsiku limene ankaliika ndi lomwe ine ndinabadwa, anasiya matope asanaume n'kuthamanga ndi mayi kuchipatala. Kenako chitseko chokhula pansi chija, chomwe mayi anawauza kambirimbiri kuti achipale, iwo n'kumangoti mawa. Atafika pa chitsekocho anangofufuta zonse ndi phazi.

Ulendo wachiwiri ndinawafunsa funso lanu lija, loti anatisiyiranji patangopita mwezi mayi atamwalira. Anati sanathawe. Anali mkamwini, mudzi ndi wa kwawo kwa mayi, ndipo kumeta kutatha akuluakulu anawasudzula monga mwa mwambo, n'kuwauza kuti ana ndi mbumba ya amalume. Akuti anapempha kuti akhalebe mpaka ine nditamaliza pulayimale, koma anawayankha kuti ntchito yawo pamudzipo yatha. Inu nthawi imeneyo munali mutabwerera kusukulu yogonera komweko, munangopeza atapita. Sindinafune kungokhulupirira, ndinafunsa mayi aang'ono. Anangoti zinalidi choncho, n'kupitiriza kusenda mbatatesi.

Nditabwerako ndinaphwasula nyumba yanga yokongola ija. Ndinapendeketsa zenera, ndinaswa sitepe, ndinajambula pafoni phokoso la chitseko cha kalasi yathu chikukhula pansi n'kuliika momwemo. A Binwell ataona anati tsopano mukununkhira anthu.

Lachisanu lapitali bambo anabwera ku boma pa njinga yamoto, fumbi lokhalokha, atavala jekete lawo la kutchalitchi. A Binwell analola kuti ayese magalasi anzanga ataweruka. Ndinawaveka, n'kuwapatsa kogwirira kokhala ndi batani loyendera, ine ndikuona pa kompyuta zonse zimene iwo ankaona. Anayamba ndi manachesi, anawerenga mitengo isanu ndi iwiri, n'kunena kuti wa kuseri kwa bafa ndaukulitsa. Ataona zenera anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anakwera masitepe, n'kuima pa lachitatu. Ndinawauza kuti adine batani alowe. Sanadine. Anapana kogwirira kaja m'khwapa, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono.

"Odi kuno," anatero.

Ndinafuna kuseka. Ndinawauza kuti bambo, ndi kompyuta chabe iyi, mulibe munthu m'menemo, ingolowani.

"Ndikudziwa, mwana wanga, sindinapenge. Koma anandisudzula pakhomo pano. Sindingalowe mwini nyumba asanandiyankhe."

Ndinati chabwino, ndikuyankhani ine, odini. Anapukusa mutu magalasi ali kumaso.

"Iwe ndiwe mmisiri, ndipo wamanga bwino. Koma nyumba ya mayi ako inatsala m'manja mwa mkulu wako. Mwini wake ndi Margret."

Anaimabe pomwepo kanthawi, akuyang'ana chitseko. Kenako anavula, n'kupukuta kumaso ndi mkono wa jekete, ati magalasiwa amawawitsa maso. A Binwell anatuluka panja ngati aitanidwa. Ine ndinalira, achemwali, sindikubisirani. Ndinamanga nyumba yonse ija kuti ndisaiiwale, osadziwa kuti pali munthu amene sanaiwalepo ngakhale msomali umodzi, koma zaka zisanu ndi ziwiri zonsezi waima panja.

Tsopano pempho langa ndi ili. Ndaphunzira kuika mawu m'nyumbamo, oti munthu akangoponda sitepe lachitatu azimveka kuchokera mkati. Ndikupempha munditumizire mawu anu pafoni, atatu okha: odini bambo, lowani. Sindikunena kuti muwaimbire, kapena kuti muiwale zonse zimene munavutika nazo polera ine muli mwana nokha. Zimenezo ndi zanu, ndipo ine sindingakuphunzitseni. Mwina mudzati bwanji sanalimbane nawo amalume, bwanji sanabwere ngakhale kudzatizonda. Inenso ndinawafunsa, ndipo yankho lawo silinandikwanire. Anati ankachita manyazi, basi.

Mnzanga wina anati angathe kuyerekeza mawu anu, bambo sangazindikire. Ndinakana. Mukapanda kutumiza, sindiikamo mawu a munthu wina aliyense. A Binwell ati malikisi anga sasintha, nyumba yatheka kale. Koma bambo anena kuti pa 27 abwera ndithu, mawu akhalepo kapena ayi, ndipo ndikudziwa chimene adzachite. Adzakwera masitepe atatu aja pamaso pa makolo onse, adzaomba m'manja, n'kudikira.

Mayi aang'ono akupereka moni, ati juzi munawatumizira lija likuwathandiza kwambiri. Amalume a Gerishon sindinawauze kuti ndikulemba. Manachesi a ku Dambe abereka chaka chino mpaka nthambi kuthyoka, makamaka mtengo uja munkati ndi wanu. Bambo sanapereke moni, ati sakudziwa ngati mungaulandire. Angofunsa ngati muli ndi bulangete lokwanira, poti inu mwezi wa Juni mumatsokomola kuyambira muli wakhanda. Ndawauza kuti ndikufunsani, ndiye ndafunsa.

Foni yanga ikhala yoyatsa mpaka pa 26. Netiweki kuno ku boma ili bwinobwino, musade nkhawa.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Chiyamiko