Mizere ya Baba mu Logi

Lolemba, 2 Juni 2025

Kuzizira koopsa. Kakompyuta ka pansi pa tebulo kaimanso, kachitatu m'masabata awiri. Ntchito za makasitomala zaima nako. Chifukwa chomwechija: logi, fayilo imene kamalembamo chilichonse chochitika, yadzaza diski. Mizere yoposa 30,000 patsiku, pafupifupi yonse ya VPN.

VPN imeneyi ndinaiika chaka chatha kuti ndizikonza kompyuta ya Baba ku Tshabalala ndili konkuno ku Entumbane, osakwera makombi, maminibasi a kuno, awiri. Nzeru zanga zimenezo.

Lachiwiri, 3 Juni

Ndaiwerenga logi modekha. Vuto si VPN ayi. Vuto ndi Baba.

Rauta, kabokosi kawo ka intaneti, amaizimitsa pakhoma akangotuluka m'chipinda. Anagwira ntchito zaka 31 kunjanji, mbali ya masiginolo. Kwa iwo chinthu chosagwira ntchito sichikhala choyaka. Akazimitsa, kakompyuta kanga kamagogoda masekondi asanu aliwonse, n'kulemba kuti kulibe yankho. Kugogoda, kulemba, kugogoda, kulemba, mpaka adzayatsenso.

Tsiku lawo lonse lili m'menemu. 5:40 ayatsa, wailesi ya ku Malawi pa intaneti. 6:30 azimitsa, kukathirira repu kuseri. 10:00 ayatsa. 10:12 azimitsa, mwina munthu pageti. Tsiku lililonse chimodzimodzi, ngati ndandanda ya sitima.

Sitinayankhulane chichokere Isitala. Ndinati asamukire kuno, mwendo ukuwavuta. "Ine si katundu, ntombi, mwana wanga, woti undikweze pa kombi." Foni yanga sayankha. Nanenso ndinasiya kuimba. Liuma ndinatengera kwa iwo omwewo.

Lachinayi, 5 Juni

Kakompyuta kaimanso m'mawa, ntchito ili pakati. Petros, kasitomala wanga wa malole, waimba: "Sisi Enelesi, kanti kwenzakalani, chikuchitika n'chiyani? Ngati kamashini kako katopa, tiuze tipeze wina." Sanali kuseka.

Njira yabwino ndimaidziwa. Kusefa, kusunga mzere woyatsa ndi wozimitsa, kutaya kugogoda konseko. Ntchito ya ola limodzi. Ola ndinalibe, mtima ndinalibenso. Mu fayilo ya makonzedwe muli nambala youza VPN kuchuluka kwa zoti izilemba. Inali 4. Ndaika 0, kutanthauza kuti izilemba pokhapokha iyo yomwe ikawonongeka. Zakale ndafufuta. Mphindi ziwiri zokha.

Zii.

Loweruka, 7 Juni

Diski ili pa 12 peresenti. Petros wakhala chete. Ndachapa, ndagula mafuta ophikira, magetsi sanazime chiyambire Lachinayi, zachilendo.

Nthawi ya tiyi dzanja latsegula logi lokha. Mulibe kanthu. Mpamene ndazindikira kuti kwa miyezi iwiri ndakhala ndikuitsegula m'mawa uliwonse kungofuna 5:40 uja. Ndimadziuza kuti ndikuona diski.

Ndawasowa. Ndalemba, basi. Mawa tikaweruka kutchalitchi mwina ndipita.

Lamulungu, 8 Juni

Sindinapite. Mphepo, makombi odzaza.

Lachinayi, 12 Juni

Dzulo masana waimba Sylvia, wa nyumba yoyandikana ndi Baba. "Sisi, woza khathesi, uBaba uwile." Bwerani msanga, Baba agwa.

Anagwera kubafa Lolemba m'mawa. Awapeza Lachitatu. Masiku awiri pasimenti, mwezi wa Juni. Fupa la m'chiuno lathyoka, chibayo pamwamba pake. Ali kuchipatala, akadali kupuma.

Akuti anakuwa mpaka mawu kutha. Sylvia sanamve. Wailesi inali kulira pa kompyuta, iye n'kumati mdala ali bwino, akumvera za kwawo. Chinamudabwitsa ndi repu kufota.

Lero ndinapita kunyumbako kukatenga bulangeti ndi mano awo oikirira. Wailesi Sylvia anatseka. Rauta ikadali kuyaka, timagetsi take tobiriwira tili phethiphethi. Yoyaka chiyambire Lolemba, ndipo nthawi yake ndikuidziwa popanda wondiuza. Munthu amene sanaisiyepo yoyaka popanda womvera.

Nambala ija ikanakhala 4, Lolemba pa tiyi ndikanaona kuti ayatsa koma 6:30 wadutsa osazimitsa. Pofika 8 koloko ndikanakhala pa kombi. Kapena 10. Kapena ndikanayamba ndaimbira Sylvia. Sindikudziwa. Koma ndikanaona.

Sindinaizimitse. Dzanja linakana.

Lachisanu, 13 Juni

Baba atsegula maso pang'ono. Andiyang'ana nthawi yaitali. Mawu oyamba chichokere Isitala: "Wazimitsa kabokosi kaja? Mayunitsi akutha."

Ndati eya, Baba. Bodza. Ndakalirira pakhonde, pafupi ndi mpopi.

Dokotala akuti opaleshoni idikire chifuwa chikhale bwino. Zoyendanso okha, sanalonjeze. Petros watumiza uthenga wothokoza, akuti sabata ino zinthu zayenda bwino kwambiri.

Lamulungu, 15 Juni

Kutchalitchi sindinapite. Ndagwira ntchito ya ola limodzi ija. Yatenga mphindi 50.

Nambala ndaika 3. Sefa ikutaya kugogoda konse, ikusunga mizere iwiri yokha: ayatsa, azimitsa. Diski singadzazenso ngakhale patapita zaka khumi. Ndawonjezapo kena: rauta ikakhala yoyaka maola asanu ndi limodzi osazimitsidwa, foni yanga ilire. Zolongosoka. Zikanatheka pa 5 Juni.

Ndamaliza 9 koloko. Ndaphika phala, ndapita nalo kuchipatala. Amwa masipuni anayi.

3 koloko, ndili mu kombi pobwerera, foni yalira monga ndinaiuzira. Uthenga wake ndinaulemba ndekha m'mawa: Baba sanazimitse.

Ndikudziwa.

Iliranso 9 koloko.