Anatiuza titseke maso, ana anasuzumira

Aphungu,

Ndine mphunzitsi pasukulu ya mpingo. Mwezi watha kunabwera apolisi, ati kudzapalana ubwenzi ndi ana. Anagawa masiwiti, anajambulitsa zithunzi ndi abusa, ife m'manja waa.

Kenako wapolisi wamkulu anabwereka kachitidwe kathu ka pa mapemphero. Anati: "Weramani, tsekani maso. Amene amamenyedwa kunyumba akweze dzanja, palibe aone." Aphungu, mwana wa zaka zisanu ndi zinayi angatseke maso onse awiri? Kalasi yanga yonse inkasuzumira m'mipata ya zala.

Kamtsikana kena, kofatsa, kokhala pafupi ndi zenera, kanakweza. Pomaweruka n'kuti sukulu yonse ikudziwa. Apolisi aja anapitadi kwa bambo ake, koma anangowalangiza, n'kuwauzanso kuti wanena ndi mwana wawo. Lolemba mwanayo anabwera mlomo uli wotupa. Lachiwiri sanabwere, mpaka lero mpando wake uli wopanda munthu.

Abusa akuti ndisadetse dzina la sukulu, ndizingopemphera. Kupolisi akuti nkhaniyo anaikamba kale. Chithunzi chija achipachika mu ofesi ya sukulu, onse akumwetulira mano mbee. Ndikachiona mtima umandiwawa, ndipo ndakwiya. Ndimuthandize bwanji mwanayu?

E.N.C.

Mphunzitsi,

Mkwiyo wanu ndi woyenera, koma musakhale nawo pansi. Mwana akusowa m'kalasi ndipo mukudziwa chifukwa chake.

Mawa lomweli pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha ana. Fotokozani zimene munaona ndi maso anu, mlomo uja ndi kujomba kwakeku, ndipo muumirire kuti akamuone sabata ino. Kupolisi musabwererenso kwa yemwe anaulula uja. Funsani wamkulu wake, kapena amene amaona nkhani za ana ndi amayi, ndipo mutengane ndi mphunzitsi mnzanu. Mufufuzenso ngati alipo azakhali kapena agogo amene angamusunge. Ana a m'kalasi mwanu auzeni mosapsatira kuti mnzawo sanalakwe.

Abusa auzeni mwaulemu kuti mupemphera, inde, koma muli m'njira. Dzina la sukulu silitupa mlomo.

Chenjezo langa ndi ili: musapite nokha kukakalipira bambowo. Inu mukachoka, ukali wake ukathera pa mwana yemweyo. Iye anakweza dzanja pokhulupirira kuti akuluakulu aona. Musatsekenso maso.

Aphungu